Makutu a galimoto ali kuseri kwa bampala

Inu amene mumaitanitsa magalimoto ku Japan, kaya mumakawatengera ku Dar es Salaam nkulowa nawo pa Songwe, kaya amadzera ku Beira kapena ku Durban, mwina mwaona kuti chizindikiro cha kampani chomwe chimakhala kutsogolo kwa magalimoto ena chinasintha. Kale chinkakhala chotukuka, chala nkumalowa m'mipata yake. Masiku ano pa magalimoto ena nchosalala ngati galasi la wotchi. Ambiri timangoti ndi sitayilo. Ayi abale, si sitayilo. Kuseri kwa kagalasiko kuli kabokosi kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo m'kabokosimo muli rada.

Ntchito ya rada imeneyi ndi kuzindikira zomwe zili kutsogolo, kuchenjeza dalaivala, ndipo iye akapanda kumva, galimoto imamanga yokha mabuleki. A Mercedes-Benz anaika rada m'galimoto yawo ya S-Class m'chaka cha 1999 kuti izisunga mpata pakati pa iyo ndi galimoto ya kutsogolo. Mu 2003 a Toyota anaika yochenjeza za ngozi mu Harrier, a Honda nawo mu Inspire. Nthawi imeneyo zinali za mabwana okhaokha. Pano zinalowa m'malamulo. Ku Japan, kuyambira mu Novembala 2021, mtundu uliwonse watsopano wa galimoto yaing'ono yopangidwa konko umayenera kukhala ndi mabuleki odzimanga okha. Maiko a mu European Union nawo analamula zomwezo pa galimoto yatsopano iliyonse kuyambira mu Julaye 2024. Lamulo silinena kuti pakhale rada, ena amagwiritsa ntchito kamera, koma makampani ambiri amaphatikiza ziwirizi.

Tonse tikudziwa kuti yatsopano ya ku Nagoya lero ndiye kaunjika wathu wa mawa. Ndiye nkhani iyi ndi yathu, tifune tisafune. Chomwe ndikufuna tigwirizane lero nchakuti pa mafunso onse amene rada imayankha, lovuta kwambiri ndi lakuti: chinthucho chili mbali iti? Ndipo yankho lake limadalira timiyezo tating'ono kwambiri, toti nyundo imodzi ya mmisiri wowongola magalimoto ikhoza kutisokoneza.

Mtunda ndi liwiro nzosavuta

Mukafuula pafupi ndi phiri, mau anu amabwerera. Phiri likakhala patali, amachedwa kubwerera. Rada imachitanso chimodzimodzi, kungoti mmalo mwa mau imatumiza mafunde a wailesi. Nzeruyi ndi yakale. Mjeremani wina dzina lake Christian Hülsmeyer anaionetsa kale mu 1904, pofuna kuti sitima zapamadzi zisamagundane kukachita nkhungu.

Vuto nlakuti mafunde a wailesi amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kupita pa galimoto yomwe ili pa mtunda wa mamita 100 nkubwerako, sakwanitsa nkomwe gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi. Ndiye akatswiri anapeza njira ya mluzu. Rada imaimba ngati mluzu woyambira pansi nkumakwera. Pamene mluzu wobwerera ukufika, womwe ukutuluka umakhala utakwerako kale pang'ono. Kusiyana kwa awiriwa ndiye kumaulula mtunda. Liwiro nalo limadziwika mofanana ndi momwe kulira kwa ambulansi kumasinthira ikamabwera ndi pamene yakudutsani, zomwe Christian Doppler anafotokoza mu 1842. Pa ziwirizi eriyo imodzi yotumiza ndi imodzi yolandira nzokwanira.

Koma kudziwa kuti pa mamita 80 pali chinthu chomwe chikuyenda pang'onopang'ono sikuthandiza kanthu ngati sukudziwa kuti chili mu mzere wako kapena m'mbali mwa mseu. Wakabaza amene akupalasa m'mphepete ndi ngolo yomwe yatsekereza mseu akhoza kukhala pa mtunda umodzi ndi liwiro limodzi. Kwa woyambayo mabuleki adzidzidzi ndi ngozi, chifukwa minibasi ya m'mbuyo idzakugunda popanda chifukwa. Kwa wachiwiriyo kusamanga mabuleki ndi maliro.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe

Tsekani khutu limodzi, wina akuitaneni mumdima, muone ngati mungaloze pomwe waima. Timadziwa komwe mau akuchokera chifukwa makutu ndi awiri, ndipo mau amayamba afika ku khutu lomwe lili pafupi. Rada nayo imafuna makutu angapo, timaeriyo tosindikizidwa pa kabolodi ka m'kabokosi kaja, tondandalikidwa mu mzere.

Tione kukula kwake. Wailesi ya FM imaulutsa mafunde pafupifupi 100 miliyoni pa sekondi, ndipo funde lililonse nlotalika mamita 3. Rada ya galimoto imatulutsa mafunde pakati pa 76 ndi 81 biliyoni pa sekondi, ndipo funde limodzi nlosakwana mamilimita 4, ngati njere ya mapira. Timaeriyo tija timatalikirana theka la funde, mamilimita 2 basi. Chinthu chikakhala madigiri 30 kumanja, funde lobwerera limayenda milimita imodzi yokha yoonjezera kuti lichoke pa khutu ili kufika pa linzake. Palibe wotchi ya m'galimoto yomwe ingawerenge kanthawi kameneko.

Nanga amatani? Amene munakhalako ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay munaonapo mabwato atandandalikana pafupi ndi gombe. Mafunde akabwera molunjika, mabwato onse amakwera pamodzi nkutsika pamodzi. Akabwera mopendekera, limayamba kukwera ndi la kumapeto, kenako linzake, kenako linzake. Ngakhale musayang'ane madziwo, kavinidwe ka mabwato kakuuzani komwe mafunde akuchokera. Rada imayang'ana zomwezo: pamene khutu loyamba lili pamwamba pa funde, lachiwiri lili pati? Kusiyana kumeneko kumapereka ngodya, ndiye kuti madigiri a kumanja kapena kumanzere.

Chinthu chikakhala chokha, rada imatha kuloza mbali yake molondola ndithu, ngakhale ndi makutu ochepa. Mavuto amayamba zikakhala ziwiri pa mtunda umodzi ndi liwiro limodzi, mwachitsanzo lole yoima ndi munthu amene waima chapambali pake. Apa masamu ake ndi ouma mtima. Makutu 4 amalekanitsa zinthu pokhapokha zitatalikirana madigiri pafupifupi 29. Makutu 8 amafuna madigiri 14. Pa mtunda wa mamita 50, madigiri 14 ndi mpata wa mamita 12, kuposa kutambalala kwa mseu wa M1. Zonse zomwe zili mkati mwa mpata umenewo rada imaziona ngati chibulumwa chimodzi.

Mungati bwanji osangochulukitsa makutuwo? Khutu lililonse limafuna zipangizo zake zolandirira, ndipo izi ndi ndalama, malo ndi magetsi. Apa akatswiri anachita zamalonda, kupeza zambiri ndi mpamba wochepa. Anaika maeriyo otumiza angapo motalikirana, nkumatumiza mosinthana. Wotumiza aliyense akalankhula, makutu omwe aja amamva ngati asunthidwa malo. Otumiza 3 ndi olandira 4 amagwira ntchito ngati makutu 12. Njirayi amaitcha MIMO, ndipo kachipangizo ka AWR1843 ka kampani ya Texas Instruments kanapangidwa motero. Akalumikiza tizipangizo 4 pamodzi, otumiza amakhala 12, olandira 16, makutu nkukwana 192. Marada otere amalekanitsa zinthu zotalikirana digiri imodzi kapena awiri okha.

Masamu a changu

Makutu akachuluka, zoti ziwerengedwe nazo zimachuluka, pomwe nthawi palibe. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita 28 pa sekondi. Rada iyenera kupereka chithunzi chatsopano ka 15 kapena ka 20 pa sekondi iliyonse. Ndipo kakompyuta kowerengerako nkakang'ono, kali pamalo otentha kutsogolo kwa injini, ndipo kayenera kukhala kotchipa poti kakulowa m'magalimoto mamiliyoni. Yankho lolondola lobwera mochedwa ndi chimodzimodzi mankhwala ofika pa tsiku la maliro.

Chida choyamba ndi njira yowerengera yotchedwa FFT, yomwe James Cooley ndi John Tukey anafalitsa mu 1965, ngakhale pambuyo pake zinadziwika kuti Carl Friedrich Gauss anali ataitulukira kale cha m'ma 1805. Ntchito yake ndi kupatula mafunde osakanikirana, ngati kumva kwaya nkunena kuti besi ndi uyu, tenala ndi uyu. Pa manambala 1,024, njira yachikale imafuna kuchulukitsa koposa 1 miliyoni. FFT imamaliza ndi pafupifupi 10,000. Popanda chidule chimenechi rada ya m'galimoto ikadakhala loto chabe.

Koma FFT siingapyole malire aja a madigiri 14 pa makutu 8. Kuti alekanitse zinthu zoyandikana kuposa apo, pali njira zina zakuthwa. Jack Capon anatulutsa yake mu 1969, pogwira ntchito ndi zipangizo zomvera kugwedezeka kwa nthaka zomwe dziko la America linakwirira ku Montana pofuna kudziwa ngati kwina akuphulitsa mabomba a nyukiliya pansi pa nthaka. Ralph Schmidt anabwera ndi ina yotchedwa MUSIC mu 1979, yomwe ilibe chochita ndi nyimbo ngakhale dzina likumveka choncho. M'zaka za m'ma 1980, Richard Roy ndi Thomas Kailath a pa yunivesite ya Stanford anatulutsa ESPRIT.

Njira zimenezi nzakuthwa koma nzadyera. Mukawirikiza makutu kawiri, gawo lolemera la ntchito yake limawirikiza ka 8. Zimafunanso kumvetsera kangapo zisanayankhe, pomwe pa mseu zinthu sizidikira. Komanso zimasokonezeka funde limodzi likabwerera m'njira ziwiri, ina molunjika, ina litanjanja pa phula kapena pa zitsulo zotchinga m'mbali mwa mseu. Zikatero rada imatha kuona galimoto ya mzukwa pomwe palibe kanthu.

Ndiye luso lenileni lagona pa kusawerengera zosafunika. Taganizani za bawo lalikulu, la maenje masauzande ambiri. Mizere yopingasa ikuimira mtunda, yotsika ikuimira liwiro. Rada imayamba yagwiritsa ntchito FFT yotchipa ija kugawa zonse zomwe yamva m'maenje amenewa. Kenako imayerekeza dzenje lililonse ndi oyandikana nalo, kuti ione lomwe muli nkhomo zenizeni ndi lomwe muli phokoso chabe. Maenje ambiri amapezeka opanda kanthu, ndipo amatayidwa pomwepo. Pa ochepa otsalawo ndi pamene imafunsa za mbali, poyamba mwachisawawa: kodi ndi chakumanja, pakati kapena chakumanzere? Ikaona kuti chinthucho nchimodzi, basi yamaliza. Ikakayika kuti mwina nziwiri zobisalirana, ndi pokhapo pamene imatulutsa njira yodula ija, ndipo imafufuza kachigawo kakang'ono kokha komwe kakukayikitsako. Mayi wogulitsa tomato mu Limbe sayeza tomato aliyense pa sikelo. Amaunjika milu ndi maso, nkutsala ndi awiri atatu oti awatembenuze m'manja. Nzeru yake ndi yomweyo.

Chinanso chofulumizitsa ntchito ndi kuwerengeratu. Rada iliyonse isanatuluke m'fakitale amaiyesa, nkusunga m'mutu mwake mndandanda wonena kuti chinthu chikakhala pa digiri yakuti, makutu ako azimva motere. Pa mseu imangoyerekeza zomwe yamva ndi mndandandawo. Gwirani mfundo imeneyi, tibwereranso.

Lole yoima usiku

Mbali si kumanja ndi kumanzere kokha, palinso m'mwamba ndi pansi. Marada ambiri akale makutu awo ali mu mzere umodzi wopingasa, ndiye sadziwa msinkhu wa chinthu. Kwa iwo mlatho wodutsa pamwamba, chikwangwani cholendewera, chitini chomwe chili pa phula ndi lole yofera pakati pa mseu zimafanana: zonse ndi zitsulo zoima kutsogolo. Galimoto ikanati izimanga mabuleki pa mlatho uliwonse, palibe akanaigula. Choncho opanga anaiphunzitsa kukayikira zinthu zosayenda, makamaka pa liwiro lalikulu, ndipo mabuku a malangizo a magalimotowa amachenjeza poyera kuti galimoto yoima mwina siizindikirika. Kungoti athu amabwera m'Chijapani, ndipo amathera m'kabati ya kutsogolo osatsegulidwa.

Tsono ganizani za misewu yathu usiku: lole yafa pa mtunda, magetsi onse zii, chenjezo lake ndi nthambi za mtengo zomwe aponya pa phula. Ichi ndiye chinthu chomwe rada yachikale imachedwa kukhulupirira. Marada atsopano a makutu ambiri aja ali ndi mizere ya m'mwamba ndi pansi, ndipo amasiyanitsa mlatho ndi lole, koma ambiri mwa magalimoto omwe tikulandira pano ndi a m'badwo wakale.

Sindikunena kuti zipangizozi nzachabe. Bungwe la makampani a inshuwalansi ku America lotchedwa IIHS linapeza kuti mabuleki odzimanga okha amachepetsa ndi theka ngozi zogunda galimoto ya kutsogolo. Mu 2022 linapezanso kuti ngozi zogunda oyenda pansi zinatsika ndi 27 pa 100 iliyonse. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti pa misewu yamdima yopanda magetsi panalibe kusiyana kulikonse. Misewu yamdima yopanda magetsi, abale, ndiye yathuyi.

Nyundo ya mmisiri

Tibwerere ku mndandanda uja. Rada imakhulupirira kuti yayang'ana kutsogolo ndendende, monga momwe anaimangira ku fakitale. Ikapotoka ndi digiri imodzi yokha, pa mtunda wa mamita 100 imaphonya ndi mamita 1.75. Madigiri awiri ndi mamita 3.5, mzere wathunthu wa mseu. Ndiye kuti basi yomwe ikubwera mu mzere wake ikhoza kuoneka ngati ili mu wanu, ndipo yomwe yaima patsogolo panu ikhoza kuoneka ngati ili kumbali. Digiri imodzi ndi yochepa moti diso silingaione. Kugunda mbuzi, kukhula chipata, kapena kukoka bampala ndi chingwe nkokwanira.

Amisiri athu owongola magalimoto ndi aluso, palibe angatsutse. Galimoto yophwanyika ngati chitini amaidzutsa nkuoneka yatsopano. Koma luso lawo ndi la maso ndi dzanja, pomwe rada imaona zomwe maso saona. Kachitsulo kogwira rada kakapindika, iwo amakawongola ndi pulayala mpaka kaoneke bwino. Bampala ikang'ambika amamata phala lokhuthala nkupaka penti wonyezimira, osadziwa kuti m'makona a bampala ya kumbuyo mumakhalanso marada oyang'ana galimoto zomwe zikukupitirirani, ndipo phala ndi penti wa tizitsulo zimapotoza mafunde. Chizindikiro chosalala chija chimawala ndi kachitsulo kopyapyala kwambiri kotchedwa indium, komwe kamalola mafunde kudutsa. Chikasweka kapena kubedwa, mwini wake amagula chotchipa chachitsulo wamba, nkutseka khutu la galimoto. Ena amamanga chitsulo chachikulu chotetezera kutsogolo, ena amasunthira nambala pomwepo. Ngakhale matope a dzinja akauma pamenepo amagonthetsa rada.

Magalimoto ambiri amatha kudzikonza okha kupotokako kukakhala kochepa, ndipo kukakula amayatsa kanyali kochenjeza nkuzimitsa chipangizo chonse. Apa ndiye pali khalidwe lomwe limandinyansa: wogulitsa wina amangomata kanyaliko kapena kukathimitsa mkati, galimoto nkuitsatsa pa Facebook kuti ili ndi mabuleki odzimanga okha, mtengo nkukwera. Ameneyo akugulitsa ambulera yobooka kwa munthu amene akupita pa mvula.

Kukonza kwake koyenera sikovuta kwenikweni. Galimoto imaimikidwa pa simenti yosalala, matayala atapopedwa bwino. Amayeza mzere wa pakati pa galimoto, nkuika kachitsulo kobweza mafunde pa mtunda ndi msinkhu womwe opanga ananena, mamita ochepa kutsogolo. Kenako amalumikiza kompyuta yoyezera matenda a galimoto, rada nkuphunziranso komwe kuli kutsogolo. Chofunika ndi malo, zida ndi munthu wodziwa kuwerenga miyezo.

Safunsa anadya phula

Kwa inu amalonda, dziwani kaye chomwe mukugula. Si galimoto iliyonse yodzimanga mabuleki ili ndi rada. Vitz, Aqua ndi Sienta za kuyambira mu 2015 zinkabwera ndi Toyota Safety Sense C, yomwe imagwiritsa ntchito kamera ndi kuwala kwa leza, zonse zili pa galasi la kutsogolo. Prius yomwe inatuluka kumapeto kwa 2015 inabwera ndi Safety Sense P, ndipo iyi ndiye ya rada kuseri kwa chizindikiro. Honda Vezel inayamba kukhala ndi rada mu 2016. EyeSight ya Subaru imadalira makamera awiri. Ya kamera imafuna kuyezedwanso mukasintha galasi, ya rada mukakhudza kutsogolo.

Yang'ananinso pepala la ku okushoni. Chilembo cha R chimatanthauza kuti galimotoyo inachitapo ngozi nkukonzedwa, ndipo XX pa chithunzi cha galimoto amasonyeza chigawo chomwe chinasinthidwa. Mukaziona kutsogolo, funsani ngati rada inayezedwanso. Mukamayatsa galimoto, tinyali tonse tizioneka kaye kenako nkuzima. Komwe sikakuyaka nkomwe nkokayikitsa kuposa komwe kakukana kuzima.

Kwa inu ophunzira, ine ndi mmodzi mwa omwe ankafunsa m'kalasi kuti kodi sine ndi cosine tidzadya? Yankho lake lili kuseri kwa bampala. Chiwerengero chonse chopezera mbali chagona pa sine yemweyo wa ku sekondale: mpata wa pakati pa makutu, kuchulukitsa ndi sine wa ngodya, ndiwo mtunda woonjezera womwe funde limayenda. Zina zonse zomwe a Capon ndi a Schmidt anachita ndi kumanga pamwamba pa maziko amenewo. Amene mukuphunzira zamagetsi ku MUBAS, ndi inu a zamagalimoto ku Nasawa kapena ku Lilongwe Technical, ntchito ikubwera pa sitima kuchokera ku Japan mwezi ndi mwezi. Mnyamata kapena mtsikana woyamba kutsegula malo oyezera marada pafupi ndi magalaja a ku Ndirande kapena ku Biwi sadzasowa makasitomala.

Ndipo kwa madalaivala tonse, rada ndi mthandizi, si mwini chiwongolero. Ikhoza kukhala ndi makutu 192, koma sidziwa kuti nthambi zomwe zili pa phula zikutanthauza chiyani. Zimenezo mumadziwa ndinu. Mukaziona, phazi lipite pa buleki.